Simbi ya a NyaChavula

Ndatsika basi chifunga chisanachoke,
chikwama kumsana, simbi yamakala m'jumbo.
Wasakramento akufunsa, "Chibavi cha pati, bwana?"
Ndikuti, "Pa mtengo wa mapeyala waukulu uja."
Akuseka. Mwana wa dzana uyu,
mtengowo anaudula iye asanabadwe.

Nyumba zapanikiza njira.
Bwalo lija tinkamenyerapo chikulunga mpaka zala kutupa
lero pali tchalitchi cha malata.
Mpopi wa tonse, pomwe amayi athu ankasiya ndowa usiku
kuti ziwaimire pamzere,
watsala chitsulo chadzimbiri,
wina wamangirirapo mbuzi.

Tinali ana a mzere umodzi, makomo asanu ndi atatu.
A Mwakasungula, apolisi aja,
wailesi yawo inali ya tonse Loweruka masana.
Fumbani wamamina, goloboyi wosaopa miyala.
Lusekelo anandiphunzitsa kutukwana m'Chinkhonde,
ine n'kumamulipira magwafa akuba.
Mu Juni tinkapita kusukulu titafumbata miyala yootcha pambaula,
nthunzi ikutuluka kukamwa,
ife n'kumati tikusuta ngati akuluakulu.

Kenako bambo anawasamutsira ku Limbe.
Lole inafika m'bandakucha, mvula yamawawa ikugwa,
ndipo simbi yomwe amayi anabwereka dzulo lake
inakwera nafe, itabisala pakati pa mapoto.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
amayi akungoti, "Ya eni ake iyi, tidzabweza."
Mwezi watha tinawaika m'manda.
Simbi ndinaipeza kunsi kwa bedi,
yokulungidwa m'chitenje ngati khanda.

Chitseko n'chomwe chija, penti ndiyo yasintha.
Odi.
A NyaChavula akutuluka akugwira khoma,
maso awo achita mtambo.
"Ndiwe njani?"
Sinditchula dzina. Ndiwapatsa mkono wamanzere.
Chala chawo chiyenda, chiyenda, n'kuima pa chipsera
cha waya wa mpanda wawo,
tsiku lija ndinkathawa ndi nzimbe.
"Wakuba wanga! Mwana wa Nachisale!"

Afunsa za amayi.
Ndiyang'ana nsapato zanga.
Iwo amva.
Tikhala pakhonde osalankhula,
dzanja lawo lili pabondo langa,
kuseri wina akuwaza nkhuni, osadziwa kanthu.

Uthenga pano umathamangabe ngati kale.
Tiyi asanawire, Fumbani wafika,
dazi likuwala, manja akuda ndi ntchito yowotcherera zitsulo,
andikumbatira mpaka nthiti kulira.
Akuti Lusekelo ali ku Joni, amaimba foni pa Khirisimasi pokha.
A Mwakasungula anakagona kwawo ku Karonga.
Tiwerenga makomo ndi zala:
awa anasamuka, awa anatisiya, awa sitidziwa.
Zala ziwiri zokha ndizo zatsala chiimire.

Ndimasula jumbo.
A NyaChavula aipapasa simbi,
apeza chogwirira chomwe amuna awo anamanga ndi waya,
aseka mpaka kutsokomola.
"Ndili nayo yamagetsi, koma magetsi ake ati?
Bweretsa kuno."
Kenako motsitsa mawu:
"Sindinaiitanitse dala.
Munthu amene ali ndi chako sakuiwala."

Madzulo mawawa ayambanso,
omwe aja osanyowetsa msanga koma olowa mpaka m'mafupa.
Ndatsanzika kawiri, ndikadali pakhonde.
Iwo alowa m'nyumba, atuluka ndi ambulera yakuda,
nthiti imodzi yothyoka.
Ndikuti ayi, basi ili pafupi, ndithamanga.
Aikankhira m'manja mwanga.
"Sindikukupatsa. Ndikukubwereka."

Ndili pa depoti tsopano, ndaipinda bwinobwino.
Ikudonthera pa nsapato.
Ya eni ake iyi.